Luso lochoka pachipatala odwala osadziwa

Adokotala achichepere, kaya mwachokera ku KUHeS kapena ku Malawi College of Health Sciences, nthawi yanu yophunzira ntchito kuno kumudzi ikatha, nyamukani Lachisanu masana. Wolowa m'malo mwanu afika Lolemba. Musakumane naye, angakufunseni chimene munawasinthira mankhwala a BP agogo aja a ku Nambuma, inu basi ikukusiyani.

M'buku la kuchipatala lembani ngati papalasa nkhuku. Bukulo ndi lokhalo limene limayenda ndi wodwala, kuchoka pano kupita ku Kabudula, ku St Gabriel's ku Namitete, mpaka ku Central, ndiye si bwino aliyense azingoliwerenga mwachisawawa. Tsiku lodzabweranso musatchule. "Mudzabwerenso mayi" ndi zokwanira, adzasankha okha akamaliza kusoka fodya.

Tsono nkhani ya Bakitirimu. Wina akamwa n'kutupa milomo, khungu n'kuyamba kusupuka, musadetse chikuto cha buku lake ndi cholembera chofiira. Sungani mumtima. Mnzanu wolowa m'malo uja naye akubwera kudzaphunzira, musiyeni adzatulukire yekha. Akakhala kuti wodwalayo ndi mayi, phunziro lidzakoma kwambiri tsiku limene adzalandire Fansida kusikelo, pakuti mankhwala awiriwa ndi pachibale, onse ali ndi salufa.

Magazi amene ananyamulidwa pa njinga yamoto kukayezedwa kutauni asakusowetseni tulo. Zotsatira zidzafika inu muli ku Area 25, ndipo zidzagona mwaulemu m'kabati, poti palibe amene munamuuza kuti azidikire.

Nanunso odwala thandizaniko. Buku likadyedwa ndi chiswe, gulani latsopano, mukayambe moyo wina wopanda shuga. Timapepala ta mankhwala akale tayani. Adokotala atsopano akafunsa zimene mumamwa, yankhani molimba mtima kuti "timapilisi toyera tija, adokotala aatali aja akudziwa." Aataliwo anapita kale, koma musadandaule, toyera tilipo tambiri ku famase.

Tibwerere kwa inu adokotala. Pali pepala limodzi lokha losafunika masewera: lija asaina akuluakulu kuti mwamaliza bwino, loti mukaonetse kusukulu ndi ku Medical Council of Malawi. Limenelo lilembedwe zooneka bwino, tsiku ndi chidindo zikhalepo, ndipo mulikulunge m'jumbo ziwiri, mvula ingalinyowetse pa kabaza.