Nkhope Ndili Nayo, Chosowa Ndi Kutchuka

Ku Australia kuli mpikisano umene umandisowetsa tulo chaka ndi chaka. Dzina lake ndi Archibald Prize. Unayamba mu 1921 ndi chuma chimene anasiya mkonzi wa magazini, J.F. Archibald, ndipo umachitikira ku Art Gallery of New South Wales mumzinda wa Sydney. Akatswiri ojambula ndi penti amatumiza zithunzi za anthu mazanamazana, oweruza n'kusankhapo makumi angapo zoti zifike m'ndime yomaliza. Wopambana amatenga madola a ku Australia 100,000. Chifukwa cha nkhope ya eni ake, abale anga!

Ndiye ndinakhala pansi kuwerenga malamulo ake, kuti ndione ngati nkhope yangayi ingadyetseko munthu.

Loyamba likuti wojambulidwayo akhale pamaso pa wojambula, ngakhale kamodzi kokha. Samachita nalo masewera lamuloli. John Bloomfield anapambana mu 1975, koma anamulanda mphoto zitadziwika kuti Tim Burstall amene anamujambulayo sanakumanepo naye, anangotengera pa chithunzi cha m'magazini. Apa ine ndakhoza kale. Kukhala phee osagwira kanthu ndiyo mphatso yanga, apongozi anga akhoza kuchitira umboni.

Kukongola nakonso safunsa. Mu 1943 William Dobell anapambana atajambula mnzake Joshua Smith ali wowonda, khosi lalitali, makutu ali tambalala. Ojambula ena awiri anakamang'ala kukhoti kuti chimenechi ndi chipongwe, katuni yeniyeni. Mu 1944 khoti linagamula kuti ayi, ndi chithunzi cha munthu ndithu. Mwamva? Makutu ngati angawa ali ndi chigamulo chowaikira kumbuyo. Ndipo wondijambula ine sangatope ndi kukokomeza, ntchitoyo Namalenga anamaliza kale.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Malemu Archibald anafuna kuti wojambulidwayo makamaka akhale wodziwika pa zaluso, zolembalemba, sayansi kapena ndale. Ine dzina langa linalembedwapo kwambiri malo amodzi okha, m'kope la ngongole la pagolosale. Nditawafunsa mayi a kunyumba ngati kumeneko si kutchuka pa zolembalemba, anangoti, "Bambo, inu kutchuka? Ngakhale galu wathu yemweyu amakuuwani mukamabwera usiku."

Koma musandilire. Anzanga ndawapeza kuseri kwa nyumba ya zithunziyo. Kuyambira mu 1991, anthu amene amalandira, kumasula ndi kupachika zithunzizo amapereka mphoto yawoyawo, Packing Room Prize. Ndipo kwa zaka zambiri mkulu wawo yekha anali ndi mavoti opitirira theka. Enawo ankavota ndithu, monga mmene ndimavotera ine kunyumba kwanga pa nkhani ya ndiwo.

Chokoma n'chakuti kumeneko amaseka kuti onyamula katunduwa akakonda chithunzi chako, mphoto yaikulu ija uiiwale, waponyeredwa tsoka. Luso limenelo ndi langa lenileni. Timu iliyonse imene ndaichemerera imagonja, ndipo phungu aliyense amene ndinamuvotera panopa akuweta nkhuku.

Choncho ndawauza mayi a kunyumba kuti za kujambulidwa ndazisiya, ndikufuna ntchito yonyamula zithunzi ku Sydney. Andiyankha kuti ndi maganizo abwino kwambiri, koma ndiyambe ndayeserera ndi thumba la chimanga lili pakhondelo, kuchigayo atseka posachedwa.