Kalendala ya pa Mdadada

A zanyengo amatiuza pa wailesi kuti chaka chili ndi dzinja, chisanu ndi chilimwe, ena n'kuwonjezerapo masika. Amenewo sanakhalepo pa mdadada wa lendi ku Ndirande, pamene mabanja asanu ndi limodzi amadalira mpopi umodzi, bafa imodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Pa mdadada nyengo imadziwika ndi ana: zimene avala, zimene akutafuna, makamaka zimene akuulula. Makolofe timatha chaka chathunthu tikumanga ulemu wa banja pamaso pa aneba. Mwana amaugwetsa ndi mawu asanu, mamina ali m'mphuno.

Mdadada uliwonse uli ndi Juniyo wake. Wathu amakhala khomo lachitatu, ali ndi zaka zinayi, ndipo kwawo Chichewa chinaletsedwa tsiku limene anamulembetsa sukulu ya mkaka. M'mawa uliwonse amake amafuula mokweza kuti tonse tiphunzire nawo: "Juniyo, kamu hiya! Donti tachi matope!" Mwanayo amayankha mwaulemu kuti "yesi mami", manja ali kale m'matopemo. Koma akagwa n'kusupuka bondo, Chingerezi chimathawa chimusiya yekha, timangomva "Mayo ine! Mayo!"

Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, choncho chaka chathu chimayambira pa dzuwa. Pofika Okutobala malata amangothetheka okha masana, ana amagona pa simenti ali buno bwamuswe, mpopi nawo wauma. Madzi amabwera 2 koloko usiku. Azimayi amadzuka zitenje zili m'chifuwa kukandanda ndi zigubu, ndipo nkhani zonse zimene zinakanika kukambidwa masana zimathera pamenepo monong'ona. Magetsi akazima timauzidwa kuti madzi achepa mu Shire, tidikire mvula. Mvula ikadzagwa tidzauzidwa kuti zinyalala zatseka makina, tidikire chilimwe. Ana alibe nazo dandaulo. Iwo ntchito yawo ndi kukuwa kuti "Ayakaaa!" ndipo nthawi zina amakuwa asanayake, kuti angoona abambo akuthamanga ndi tchaja m'manja.

Mpikisano wa miyezi imeneyi uli m'kabokosi ka chakudya cha kusukulu. Amake Juniyo amalongedza chao pakhonde, poyera: kapaketi ka Kamba, mabisiketi awiri, kabotolo ka juwisi. Mayi a khomo loyamba amalongedzera m'nyumba chitseko chotseka, mbatata yophika ndi madzi a shuga, n'kumulangiza mwana wawo kuti azikadyera kuseri kwa kalasi. Zimene onse awiri sadziwa n'zakuti ana awo anagwirizana kalekale. Kamba amapita kwa mwini mbatata, mbatata imalowa m'mimba mwa Juniyo, yemwe amati zakwawozo sizikhutitsa.

Pa 15 Okutobala ndi tsiku la anakubala. Ana amasambitsidwa, amapatsidwa chitenje chokutidwa bwino kuti akapereke kwa amayi awo atagwada, bambo ataima pambali akujambula ndi foni. Pa khomo lachiwiri mwambo unayenda bwino mpaka pamene mayi anafunsa mwachimwemwe kuti ana anga ndalama mwazipeza kuti. "Adadi anatenga m'kachitini kanu ka banki m'khonde," anatero wamkulu, "akuti abweza kumapeto a mwezi." Chithunzicho chinafikabe pa WhatsApp, aliyense akumwetulira.

Kenako mvula yoyamba imagwa, dothi limanunkhira, ndipo madzulo ena ngumbi zimatuluka. Apa m'pamene mdadada umagawika pawiri. Pali ife amene timatuluka poyera ndi mabeseni a madzi, ana patsogolo, kukazinga babu la pakhonde. Ndiye pali a khomo lachitatu, amene amati kwawo sadya tizilombo chifukwa timawatulutsa ziwengo. Timawamvetsa, timawapepesa. Koma mdadada ukagona, babu lawo la kuseri limayaka mpaka usiku, ndipo kumamveka kulira kwa chiwaya chimene mwini wake akuyesetsa kuti chisalire. M'mawa Juniyo amatuluka phiko lili pa tsaya. Safuna n'kufunsidwa komwe. "Adadi anagwira beseni lodzaza," amalengeza pa mpopi, "koma akuti tisauze anthu."

Mango a pa mtengo wa alandilodi amapsa nthawi yomweyo. Alandilodi amawawerenga m'mawa ndi madzulo, ndipo chiwerengero sichigwirizana. Mwala ukagwa pa malata, mayi aliyense amatuluka atakonzeka kale kulumbira kuti wake anali m'nyumba akuwerenga. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu umapita kutchuthi nyengo ya mango. Mlandu umaweruzidwa usiku ndi chimbudzi, chifukwa amene anadya osapsa ndi mchere amadziwika ndi kuchuluka kwa maulendo, nyali ili m'manja mwa amake.

Mvula ikakhazikika, nkhondo imasamukira pa chingwe. Zovala za ana siziuma, dzuwa likangoti ng'ani aliyense amathamanga ndi beseni, ndipo amene wayanika bulangete lotenga malo a anthu atatu amakhala mutu wa nkhani mpaka Lamlungu. Amene amagula matewera otaya amayenda monyada podutsa pamenepo. Akafunsidwa kumene amawataya amaloza uku ndi uku, koma ngalande imadziwa, mtsinje wa Nasolo umadziwa, ndipo agalu amabweza ena pakhomo m'mawa. Usiku denga limadontha, mapoto onse amatuluka kukagwira ntchito yachiwiri, ana n'kumasangalala kuti nyumba ikuimba. Neti imene tinalandira kusikelo kuti iteteze mwana ku udzudzu ikuteteza anapiye ku mphamba kuseri kwa nyumba. Mwana akatentha thupi timadabwa kwambiri, timati kapena ndi mano.

Za Khirisimasi n'zodziwika. Zovala zimachokera pa kaunjika wa ku Limbe, zimachapidwa kawiri kuti fungo la belo lichoke, zimasitidwa usiku, ndipo m'mawa zimakhala kuti "anatitumizira achemwali a ku Joni". Nsapato zimakhala zazikulu chifukwa akulira momwemo. Mwana amapatsidwa botolo la Fanta limene salimaliza. Amayenda nalo khomo ndi khomo mpaka dzuwa kulowa kuti anzake alione, ndipo likatha amathiramo madzi n'kupitiriza ulendo. Mpunga ndi nkhuku zimadyeredwa pakhonde. Ndi tsiku lokhalo pachaka limene palibe banja lotseka chitseko pakudya.

Januwale amatseka zitseko zonse. Fizi ya teremu yachiwiri, lendi, ngongole ya nkhuku ija, zonse zimafika tsiku limodzi. Pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira 1994, koma pa mdadada kuchotsa mwana ku sukulu yolipira n'kulengeza kuti zinthu zavuta, ndiye bola kudya bonya mwezi wathunthu. Amake Juniyo amakazinga anyezi wambiri kuti fungo liyende, n'kutiuza pa mpopi kuti madokotala akuletsa nyama yofiira. Tonse timavomera kuti n'zoona, ifenso tinamva. Chisoso ndi bonongwe zomera kuseri kwa bafa zimayamba kutchedwa zakudya zopatsa thanzi.

Alandilodi athu ndi munthu wachikulire, anaona zambiri, ndipo sataya nthawi kugogoda pa zitseko. Amabwera ndi maswiti m'thumba n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Ana amawazungulira.

"Bambo ako apita kuntchito, mdzukulu wanga?"

"Ayi agogo, ali kuseri kwa katani. Akuti mukapita tiwauze."

"Nanga a khomo lachinayi?"

"Alandira dzulo. Agula sipika."

Pasanathe theka la ola amakhala atadziwa amene walandira, amene wakongola kwa katapila, ndi amene akuganiza zosamuka usiku. Zonsezo pa mtengo wa maswiti asanu.

Masika alibe nkhani zambiri chifukwa anthu okhuta sakangana. Chimanga chachiwisi, maungu, nzimbe, mtedza, kenako matumba ochokera kumudzi. Aliyense amasanduka mlimi, ngakhale amene sanagwire khasu amati "chaka chino tapata". Ana amanenepa, makoko a nzimbe amadzaza bwalo, ndipo amene amasesa ndi mayi yemwe uja wa khomo loyamba, akung'ung'udza.

Juni akafika, chiperoni chimatsika m'mapiri ndi kamvula kake kosatha, ndipo m'bafa mumamveka kulira kochititsa munthu wodutsa kuganiza zokaitana apolisi. N'kusamba chabe. Makala akwera mtengo, madzi ofunda ndi a mwana woyamba yekha. Wachiwiri amapeza ozizira, wachitatu amangopukutidwa kumaso ndi m'khwapa. Kenako Vaseline. Nkhope imapakidwa mpaka kung'anima, chifukwa ndi imene aphunzitsi amaona. Miyendo imatsala yotuwa moti anzake amalembapo dzina ndi kamtengo. Pamwamba pake jekete ya pa kaunjika yosokedwera dziko la chipale, mwana akuyenda manja ali tambasu ngati nkhuku yonyowa. Chimfine chimayambira khomo loyamba Lolemba, chimafika lachisanu ndi chimodzi Loweruka, n'kutembenuka kubwerera.

Chinsinsi chachikulu cha chisanu ndi matiresi. Usiku ndi wautali, kunja kukuzizira, chimbudzi chili patali, ndipo mwana amalota atafika kale. M'mawa matiresi amayenera kutuluka, koma dzuwa palibe, ndiye amakhala pa mpanda masiku atatu ndi mapu ake poyera. Mayi amafotokoza asanafunsidwe kuti munatayikira tiyi. Mdadada wonse umavomera. Zikuoneka kuti mu Juni mabanja ambiri amamwera tiyi pa bedi, pakati pa usiku.

Koma mwambo umene umaposa yonse ndi wa mu Julayi, pamene sukulu ya mkaka imachita galajuweshoni. Kale munthu ankavala gauni atatha zaka zinayi ku Chancellor College ku Zomba, mudzi wonse n'kubwera pa lole. Lero gauni amavala munthu amene sanathe kumanga zingwe za nsapato. Juniyo sakupita n'ku Sitandade 1 komwe. Akuchoka chipinda cha kumanzere kupita cha kumanja, pa sukulu yomweyo, kwa aphunzitsi omwewo. Komabe pali ndalama ya gauni, ya chisoti, ya satifiketi, ya wojambula, ya keke, ndi ina yongotchedwa "yothandizira mwambo". Amake anasoketsa diresi, azakhali anabwera kuchokera ku Chilomoni, ndipo ife aneba tinaitanidwa kuti tikaone ndi maso athu.

Tinakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'chibwano. Mlendo wolemekezeka anachedwa maola awiri, ndipo atafika analankhula za atsogoleri a mawa, pamene atsogoleriwo ena anali atagona, ena akulimbirana chisoti, wina atanyowetsa gauni ya hayala. Panali perekaniperekani. Bambo aliyense anasinthitsa ndalama yake kukhala ting'onoting'ono kuti aponye nthawi yaitali nyimbo isanathe, ndipo bambo ake Juniyo anavina mozungulira kawiri, akuponya pang'onopang'ono, maso ali kwa ife.

Kenako inafika nthawi yoti mwana aliyense anene chimene adzakhale akadzakula. Mayankho anali ataloweza kwa mwezi wathunthu. Dokotala. Payiloti. Loya. Dokotala winanso. Juniyo anakonzedwa kuti adzakhala injiniya, ndipo tinali titamumva akuyeserera kuseri kwa khoma usiku uliwonse. Anagwira maikolofoni ndi manja awiri, anayang'ana khamu, injiniya uja anasowa. Aphunzitsi anamunong'oneza. Iye anapukusa mutu n'kulankhula m'Chichewa chomveka bwino mpaka kumsewu: "Ine ndidzakhala alandilodi. Chifukwa adadi amawaopa." Anthu anawomba m'manja kuposa mmene anawombera madokotala onse aja.

Ogasiti ndi holide, ndipo ana amatumizidwa kwa agogo. Pa minibasi zaka zawo zimatsika mwadzidzidzi. Yemwe uja anavala gauni mwezi wathawu tsopano ndi khanda loyenera kukhala pamiyendo. "Ali ndi zitatu uyu, wangokula thupi," amatero mayi kwa kondakitala. "Ndili ndi zisanu! Munandigulira keke!" Kondakitala amangotambasula dzanja.

Akachoka, mdadada umakhala zii, ndipo umavuta kukhalamo. Palibe womutuma kukapempha mchere, ndiye munthu wamkulu ndi ndevu zake amadya ndiwo zopanda mchere poopa kugogoda yekha kwa aneba. Alandilodi amakhala pansi pa mtengo ndi maswiti awo osadziwa kanthu. Nkhani zimafika mochedwa, zina zolakwika.

Amabwerako kumapeto kwa mwezi, mphepo ya fumbi ikuwomba, atada, atanenepa, ali pamwamba pa thumba la ufa. Juniyo anabwera kuchokera ku Phalombe Chingerezi chonse atachisiya komweko, akudziwa kutcha msampha wa mbewa, akupempha kalongonda. Amake anayamba pomwepo ntchito yokonza zowonongeka: "Juniyo, giriti ankolo." Iye anatipatsa moni wa manja awiri atanjuta, monga anamuphunzitsira agogo ake, kenako anaona matiresi a khomo lachiwiri ali pa mpanda.

"Musadandaule," anauza mwini matiresiwo, bwalo lonse likumva. "Agogo akuti adadinso ankatayira tiyi pamphasa mpaka Sitandade 4."

Bambo ake, amene anali pakhonde akupukuta nsapato, anakweza wailesi.