Mlandu wa Chambo Chomwe Sichinafike

Khalani pansi nonse atatu. Pamkeka, osati pampando; mpandowo ndi wa woweruza, ndipo woweruza lero ndine. Mafoniwo muwasiye apo pamtondo. Iwe mwamuna wanga, ndiwe unagwira chiwongolero, ndiye mlandu uyambira pa iwe.

Munafika kuno Lachisanu, galimoto ili waliwali, n'kundiuza kuti muli patchuthi, mukupita kunyanja kukapitidwa mphepo. Mphepo! Mwana wa ku Ntcheu, kumene chisanu chimachoka ku Tsangano n'kudzalowa m'bulangete osaodira, akasake mphepo ku Salima? Ndinangoti chete, poti ndinali ndi zanga mumtima. Ndinakupakirirani thumba la kachewere ndi makabichi awiri a pa Lizulu. Wopatsa kachewere munthu wopita kunyanja sachita kunena zambiri. Ngakhale mwana wa sitandade 1 amadziwa chimene chimabwerera m'thumbamo.

Mwati munatsikira ku Khwekhwerere, msewu uja wopatuka pa Masasa kugwera ku Golomoti, wokhotakhota ngati njoka yomenyedwa pamsana. Pamwamba pakepo munthu amaona chigwa chonse chili tantha, nyanja ikuthwanima chapatali. Ndafunsa munaonapo chiyani: mkazi mnzanga uyu akuti anali mtulo, winayu akuti amasaka netiweki. Pa Mua munangoti fyuu! Pamene paja ansembe a Katolika anafika mu 1902, ndipo Bambo Boucher, amene anthu anawaninkha mfunda wa Chisale, anatsegulapo Kungoni mu 1976, mosungiramo mbiri ya Achewa, Ayao ndi ife Angoni. Makolo anu ali m'menemo ndi zishango zawo, inu mukuthamangira kukayanika michombo pamchenga.

Ife kunyanja tinkapita mwaulemu. Malemu agogo anu aamuna ananditengerako kamodzi kokha: wapansi kutsika phiri mpaka pa Sharpevale, kenako sitima ya pamtunda kukatsikira pa Chipoka, pamene njanji imakumana ndi madzi. Ilala ndinaionera pamenepo, chinyumba chonse chikuyandama osamira. Ndinaviika chala chimodzi chakuphazi n'kubwerera m'mbuyo. Mngoni ndi madzi ochuluka chonchija sizimverana. Ife zathu ndi nyama ndi chipanda cha masese. Koma pobwera ndinasenza dengu la usipa wouma, ndipo apongozi anga, amene chikwatiwire anali asanandisekererepo, tsiku limenelo mano ndinawaona.

Inu mwatsata M5 mpaka kutali: Chipoka, Salima, kupatukira ku Senga Bay, n'kukafika ku Nkhotakota, kumene kuli mtengo umene Livingstone anakhalirapo pansi ndi Jumbe kukambirana za malonda a akapolo. Mtengowo nawo simunauone, ndikudziwa, musachite kundiyankha. Koma pa mlatho wa Chia munadutsa kawiri, popita ndi pobwera. Pamene paja ogulitsa amachita kutukula nsomba m'mwamba kuti wodutsa asadzanamizire kuti sanaone. Galimoto ya anthu oleredwa bwino imachoka pamenepo chambo chikulendewera pagalasi lam'mbali, mchira ukuvina ndi mphepo. Yanuyi yabwera magalasi ali mbee. Ati, "Zikananunkhitsa galimoto, agogo." Kodi galimoto inayamba liti kukhala ndi mphuno?

Ine Lamulungu ndinali nditadula kale tomato ndi anyezi, ufa woyera nditasefa, anzanga a kumvano nditawanong'oneza kuti adutse chakumadzulo. Mwafika, mwanditulutsira foni. Dzuwa likutuluka m'madzi. Mapazi anu pamchenga. Kenako mbale ya chambo chootcha chimene munadya inuyo, mutu wake uli tong'oo kundiyang'ana. Chithunzi cha chambo! Ndichithire mchere? Alendo anga anadyera nkhwani, ndipo nkhaniyi yafika kale kuchigayo.

Musaseke, bwalo silinabalalike. Chigamulo ndi ichi. Pa Khirisimasi ikubwerayi mpando wakutsogolo ndi wanga, ndipo galimoto idzayenda monga mmene imayendera ngolo. Tidzaima pa Golomoti kugula malambe, tidzaima pa Mua, ndipo pa Chia wotsatsa mtengo ndidzakhala ine. Chindapusa ndi chambo zinayi zikuluzikulu, kampango mmodzi ndi ndowa ya usipa. Ndipo thumba langa la kachewere lija, ngakhale lili lopanda kanthu, mundibwezere lero lomwe.