Kalata yochokera ku Joni: kuno aliyense ndi kochi

Rosettenville, Johannesburg
Juni 2025

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti nonse ku Msumba muli bwino, ndiponso kuti mwera wa chaka chino sukukuletsani kupita panyanja. Ine ndili moyo, kungoti kuzizira kwa kuno kwandiphunzitsa kuti kuja timadandaula nako tikapita ku Lichinga n'kwamasewera.

Munandifunsa ngati phokoso lomwe munamva pa foni tsiku lija linali la maliro kapena la ukwati. Linali la zonse ziwiri. Pa 10 Meyi timu ya Kaizer Chiefs inagonjetsa Orlando Pirates 2-1 ku Moses Mabhida Stadium ku Durban n'kutenga chikho cha Nedbank. Amene ankalira mokweza uja ndi mwini nyumba yomwe ndikukhala, bambo wamkulu wa imvi zake, ndipo ankalira chifukwa timu yake yapambana. Amene ankatukwana uja ndi mlamu wake wa Pirates. Ine ndinali pakati, nditanyamula mbale ya nyama kuti isagwe.

Kuti mumvetse misozi ya mkuluyu, dziwani kuti Chiefs inali itatha zaka 10 osakhudza chikho chilichonse cha nzeru. Chomaliza chinali cha ligi mu 2015. Komatu iyi si timu wamba. Anaiyambitsa Kaizer Motaung mu 1970 atabwera kuchokera ku America komwe ankasewerera Atlanta Chiefs, ndipo masapota ake ali paliponse, m'matakisi, m'migodi, m'matchalitchi, ngakhale kupolisi. Amadzitcha Amakhosi, mafumu. Ndiye taganizani, mafumu zaka 10 akuonerera Mamelodi Sundowns ikunyamula ligi, ndipo chaka chino yanyamulanso kachisanu ndi chitatu motsatizana.

Ine ndinkayesa kuti chikho chikabwera tigona. Ayi ndithu, mkangano wangokula. Mu ligi timuyi yathera pa nambala 9, chaka chatha inathera pa 10, kutanthauza kuti kawiri konse yalephera kulowa m'gulu la matimu 8 apamwamba omwe amapikisana pa chikho cha MTN8. Tsono funso lomwe latisowetsa mtendere pa mpanda pano ndi lakuti: timuyi yachira, kapena yangodzuka pang'ono kuti imwe phala?

Mwini nyumba ali m'gulu la anthu oti "gulani". Iye akuti a Motaung atsegule chikwama monga amachitira a Motsepe ku Sundowns, agule womwetsa zigoli weniweni, basi nkhani yatha. Madzulo alionse amatenga katoni n'kulembapo anthu 11 oti ayambe masewero, ndipo mwa anthu 11 amenewo theka ndi a matimu ena. Tsiku lina ndinaonapo dzina la wosewera yemwe anasiya mpira kalekale. Nditamufunsa anati munthuyo ngakhale ali ndi mimba lero, angathamange kuposa omwe alipowa. Mkulu yemweyu, achimwene, geti la pakhomo linathyoka chaka chatha ndipo timalimanga ndi waya, koma akudziwa bwino lomwe momwe banja la Motaung liyenera kuonongera mamiliyoni ake.

Mwana wake wamwamuna, yemwe amayendetsa takisi, ali mbali ina. Iye akuti kugulagula ndiye kwapha timu. Akufuna anyamata okulira ku Naturena komweko, komwe kuli likulu la timu, apatsidwe mpata: Mduduzi Shabalala, Wandile Duba, Mfundo Vilakazi. Akamatchula Vilakazi amachita kutsitsa mawu ngati akutchula dzina la bishopu. Bambo ake amayankha kuti kamwanako mpira kamautha koma mphepo ikawomba kagwa. Apo ndiye poyambira. Amatha kukangana kuyambira nsima ili pamoto mpaka mbale zitatsukidwa, ndipo pamapeto pake onse awiri amagwirizana chinthu chimodzi chokha, choti refu anali wa Pirates.

Nkhani ya goloboyi ndiye musaiyambe. Kuchokera pomwe Itumeleng Khune anasiya kugwira, pagolo pakhala Brandon Petersen, Bruce Bvuma ndi Fiacre Ntwari wa ku Rwanda, ndipo goloboyi wabwino nthawi zonse amakhala yemwe sanasewere tsikulo.

Mwina mukudabwa kuti ine zikundikhudza bwanji. Poyamba ndinkangokhala duu, poti mlendo salowerera milandu ya eni mudzi. Koma pasipoti yanga inandipereka. Mu Seputembala 2020, nthawi ya korona ija, Chiefs inali itatsogola ligi pafupifupi chaka chonse, ndipo inangotsala ndi masewero amodzi ndi timu yaing'ono ya Baroka. Khama Billiat anachinya, anthu anayamba kale kuika mowa mufiriji. Kenaka mnyamata wina wa Baroka analumpha n'kubweza ndi mutu, masewero n'kuthera 1-1, ligi n'kupita ku Sundowns tsiku lomaliza. Mnyamata ameneyo dzina lake Manuel Kambala, ndipo kwawo ndi ku Mozambique.

Papita zaka pafupifupi zisanu, koma mwini nyumba akamwa pang'ono amandiloza n'kunena kuti, "Inu a ku Mozambique munatilanda chikho." Ndayesa kumufotokozera kuti Kambalayo sindinaonanepo naye, kuti kuchoka ku Metangula kukafika ku Maputo n'kutali kuposa kuchoka ku Maputo kufika pakhomo pake pano, ndiponso kuti tsiku limenelo ine ndinalibe ngakhale wailesi. Sizimveka. Chinandipulumutsa n'chakuti mu 2022 Chiefs inatenga Edmilson Dove, wotchinga kumbuyo wa Mambas, timu ya dziko lathu. Kuyambira pamenepo Dove akasewera bwino ndimapatsidwa mpando ndi chakumwa chozizira. Akaphonya mpira, ndimalowera khomo lakuseri. Ndinayesanso kubisala kumbuyo kwa Patrick Mabedi wa ku Malawi, yemwe anakhalapo kaputeni wa timuyi, ndati chiyankhulo chathu n'chimodzi ndipo tinangosiyana ndi nyanja. Mkuluyo anavomera kuti Mabedi anali mwamuna, koma anati chigoli cha Kambala chikadali pa dzina langa.

Za Baroka si zokhazo zomwe zimawapweteka. Mu 2019 anafika mu fainolo ya chikho cha Nedbank chomwechi n'kugonja 1-0 ndi TS Galaxy, timu yomwe panthawiyo inali mu ligi yachiwiri. Mu 2021 anakafika mu fainolo ya matimu akuluakulu a mu Africa, Al Ahly ya ku Egypt n'kuwathira 3-0 ku Casablanca. Panalinso chiletso cha FIFA cha 2020 choti asagule osewera chifukwa cha momwe anatengera mnyamata wina wa ku Madagascar. Nthawi imeneyo a "gulani" aja anasowa chonena, anangosanduka a "chotsani kochi".

Apa ndiye pali maganizo anga, ngakhale pa mpanda pano sindiwanena mokweza. Tawerengani makochi omwe adutsa ku Naturena kuchokera pomwe Stuart Baxter anachoka mu 2015: Steve Komphela, Giovanni Solinas, Ernst Middendorp, Gavin Hunt, Baxter yemweyo kubweranso, Arthur Zwane, Molefi Ntseki, Cavin Johnson, ndipo lero Nasreddine Nabi wa ku Tunisia, uja anali ku Yanga ya ku Tanzania. Komphela yekha ndiye anakhalitsa, ndipo anachoka mu 2018 usiku womwe masapota anathyola mpanda n'kulowa m'bwalo ku Durban atagonja ndi Free State Stars. Aliyense wa amenewa amafika n'kunena kuti tikumanga timu yatsopano, masapota n'kuomba m'manja. Akagonja kawiri, omwe aja ankaomba m'manja amayamba kuponya mabotolo. Inu mumakhoma maboti, achimwene. Mutandiuza kuti boti likonzedwa lili pamadzi, mmisiri akusinthidwa mwezi uliwonse, aliyense akuzula thabwa lomwe mnzake anakhoma, ndipo eni ake ali pagombe kukuwa kuti usipa uli kuti, ine m'boti limenelo sindikwera. Anthuwa kumanganso timu amakufuna, koma akufuna kuyambe Lolemba n'kutha Lachisanu, Loweruka agonjetse Pirates.

Ndinayesa kunena zimenezi kamodzi mu takisi ya mwana wa mwini nyumba. Mayi wina wa kumbuyo anandifunsa kuti kwanu timu yanu ndi iti. Nditati Mambas, takisi yonse inaseka mpaka dalaivala anaphonya pokhota. Koma mayi yemweyo anatsika akunena kuti mkwerekwereyu wanena zoona, ndipo Nabi asachotsedwe. Bambo amene anakwera pamalo pake anati Nabi achoke mawa lomwe, chikho chija chinali mwayi chabe. Dalaivala anazimitsa wailesi, mlandu n'kuyambiranso pachiyambi, ndipo ine ndinapitirira potsikira panga.

Kusukulu ya ana a mabwana komwe ndimatchetcha kapinga kuli masewero ena otchedwa hockey, othamangitsa kampira kolimba ndi ndodo zopindika. Kumeneko timu ikagonja makolo amaomba m'manja mwaulemu n'kukwera magalimoto awo. Ndinamuuza mwini nyumba kuti mwina asamukire kumeneko, mtima wake upume. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandikumbutsa kuti lendi ya Juni sindinamalize.

Nkhani ya lendiyo ndiyo yachititsa kuti ndalama za malata zichepe ulendo uno. Zotsalazo nditumiza kumapeto kwa Julayi, muuze alamu asadandaule. Wobwera kuno aliyense mumupatsire usipa wouma ndi ufa wa kondowole, chifukwa ufa wa m'mashopu muno umangodzaza mimba. Mupereke moni kwa amayi, kwa abambo mfumu ndi akwaya onse, ndiponso kwa anyamata a timu ya kwathu. Muwauze kuti kochi wawo amusunge ngakhale agonje ndi a ku Chuanga.

Malaya a mpira omwe mwana wanu wamkulu anapempha ndagula, achikasu, a Chiefs. Kumsana ndasiya osalembetsa dzina la wosewera aliyense. Katundu amachedwa panjira, ndipo pomwe malayawo azidzafika ku Metangula mwini dzinayo akhoza kukhala atagulitsidwa kale.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni