Boti Lakuda ndi Kansanza M'manja

Nathanael Herreshoff, katswiri wokonza maboti a matanga wa ku Rhode Island, amakumbukiridwa ndi mawu akuti boti limayenera penti yoyera kapena yakuda basi, koma wosankha yakudayo ndi chitsiru. Choseketsa n'chakuti America, boti lomwe linapambana mpikisano wozungulira chilumba cha Isle of Wight mu 1851, linali lakuda bii. Chikho cha mpikisano umenewo n'chimene maboti a Herreshoff anadzachiteteza maulendo 6.

Komabe mkuluyu sanali kungobwebweta. Penti yakuda imamwa dzuwa, m'kati mwa boti n'kumatentha ngati uvuni wa njerwa. Mchere wa m'nyanja ukauma umachita kuonekera patali, ndipo pamene pakandika pang'ono sipabisika. Mwini boti amathera Loweruka lonse padooko ndi kansanza m'manja, anzake a maboti oyera ali pakati pa nyanja. Penti yofiira nayo sichedwa kufwifwa.

Kunsi kwa madzi kulibe za chionetsero. Kumafunika penti yokhala ndi kopa, yoletsa ndere ndi tinkhono kumatirira, ndipo ambiri amaipakanso chaka ndi chaka. Kumeneko mtundu uliwonse ndi wabwino, chifukwa oonerera ake ndi nsomba zokha.