Kankhope Kodya Bwino

Atandisankha kukhala mlembi wa banki mkhonde yathu kuno ku Madziabango, ndidalengeza pagulu kuti nthawi ya makope idatha. Mwana wa mlongo wanga adali atandisiyira laputopu yokalamba, ija ya sikirini yakuda bii ndi zilembo zoyera, malo 80 pamzere uliwonse. Iye adati nambalayi idachokera ku makadi obowola a IBM a mu 1928. Ndidagwedeza mutu ngati ndidali pomwepo.

Chidandipha n'kufuna kukometsa kaundula. Aliyense wobweza ngongole ndinkamuikira kankhope kosekerera kumapeto kwa mzere wake. Koma pamzere wa amayi ena a dzina lalitali, kankhopeko kadalumpha n'kukatera pansi, pafupi ndi dzina la mkulu wina amene sadabwezepo ngakhale K500 chiyambire dzinja. Mkuluyo adaomba m'manja. Amayiwo adandiyang'ana ngati ndawabera nkhuku.

Masiku atatu ndidalimbana ndi laputopuyo. Ndidapukuta sikirini ndi chitenje cha amayi a kunyumba, ndidakanikiza m'mphepete ndi chala, mpaka ndidaiyanika padzuwa poganiza kuti yalowa chinyezi. Usiku ndidawerenga zilembo ndi kamtengo ka machesi: 79, kuphatikiza kankhope 80. Zokwana ndendende! Ndidayamba kukayikira neba.

Pomaliza ndidamuimbira mwana wa mlongo wanga uja.

"Amalume, mudakwerapo minibasi ya ku Limbe?"

"Iwe, ndakuimbira za kompyuta."

"Pampando patsala malo amodzi, ndiye pabwera munthu wodya bwino wofunika malo awiri. Kondakitala amutani?"

"Amukankhira mpando wina."

"Basi ndi zomwezo. Tinkhope timeneti, monganso zilembo za Chitchaina ndi Chijapani, timadya malo awiri. Inu mumawerenga ngati amodzi."

Ndidamuuza kuti zimenezo ndinkazidziwa, ndinkangomuyesa.

Kenako ndidatumiza uthenga wopepesa kwa mamembala onse 24, n'kuikamonso kankhope kuti aone kuti ndilibe mangawa. Palibe adandichenjeza kuti kankhope kamodzi kamatsitsa SMS kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, ndiye uthenga uliwonse udasweka patatu. Mayunitsi adatha ndili pa membala wachisanu ndi chiwiri.

Kaundula tabwerera naye m'kope. Mkulu uja akukanabe kubweza, akuti kompyuta siinama, idamusekerera pamaso pa mboni.