Pusi wa ku Mabvuku

Bambo athu adachoka ku Dedza kudzasaka ntchito ku Salisbury, Harare ya lero, atanyamula mkeka, mpeni ndi mwambi umodzi: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mkeka udatha, mpeni udatayika, koma mwambiwo ukadali pantchito kuno ku Mabvuku. Chasintha nchakuti pusi wa lero sakwera mtengo. Zipatso zake zimamudikirira pageti la sukulu: mafiriziti ofiira ngati magazi, madonasi, tchipisi choyandama m'mafuta ndi botolo la zozizira lotsitsira zonsezo.

Mdzukulu wanga wa zaka 9 ndi katswiri pamtengo umenewu. Mwezi watha ndidapita naye kuchipatala. Anamwino atamuyika pasikelo adayang'ana sikelo, kenako ine.

"Agogo, mwanayu amadya chiyani?"

"Chilichonse," ndidayankha monyadira.

"Nkhwani amadya?"

Ndidayamba kuwerenga malata a denga.

Musatiseke msanga. Ife tidauona 2008, pamene m'masitolo a Harare mudatsala mashelefu okhaokha, anthu nkumagonera maputi ndi madzi. Amene adadutsa m'chaka chimenecho akaona mwana wa masaya otukumuka amaona ngati ndalama kubanki. Mayi a mdzukulu wangayu akatumiza madola kuchokera ku Johannesburg, chikondi chonse chimathera m'kabokosi ka nkhuku yokazinga. Azakhali akabwera, bisiketi. Amalume akalandira, soseji. Aliyense akuthyola nthambi yake, koma mimba yolandira ndi imodzi.

Anamwino aja adandiwerengera mlandu. Kachitini kamodzi ka zozizira ka 330 ml kamakhala ndi shuga wokwana timasupuni 8 kapena kuposerapo. Tangoyesani kuthira timasupuni 8 m'kapu imodzi ya tiyi, muone ngati akunyumba sakuitanirani ankhoswe. Nchifukwa chake mu 2024 boma la Zimbabwe lidaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa. Mtengo udakwera, koma pusi sawerenga bajeti ya nduna ya zachuma, a Mthuli Ncube.

Mankhwala ake, akuti, ndi mbale ya nyenyezi zinayi: nsima, zanyemba, masamba ndi zipatso, ndiponso zanyama monga dzira kapena kapenta wa ku Kariba. Ndidaseka chamumtima. Zimenezi ndi zomwe mayi ankatipatsa ife tikulira kuti ndife osauka! Pa Mbare Musika zonse zilipo, angozisintha maina: nkhwani akuti muboora, luni akuti nyevhe, masuku akuti mazhanje, chiponde akuti dovi. A WHO amawonjeza kuti mwana azithamangathamanga ola lathunthu patsiku. Wanga amathamanga ndi zala ziwiri pafoni, ndipo zalazo, kunena zoona, nzowonda bwino.

Tidayamba lamulo latsopano: zozizira Lamlungu lokha, mpira wachikulunga madzulo aliwonse, nkhwani wotendera pambale popanda apilo. Sabata yoyamba mdzukuluyo adandiyang'ana ngati mwini nyumba wobwera kudzatolera lendi. Yachiwiri adapempha zowonjezera.

Dzulo adandipeza kuseri kwa thanki ya madzi, donasi kudzanja lamanja, botolo kumanzere. Sadakuwe. Adangoima, manja kumbuyo ngati mfumu pabwalo.

"Agogo, pusi uja adagwa ali ndi zaka zingati?"

Donasiyo tidagawana pakati. Botolo adalilanda, akuti lidikire Lamlungu.